Kuyendetsa Galimoto Yokankha ndi Matayala Akumbuyo pa Chipale Chofewa

Mazda MX-5, Toyota GT86, Nissan 350Z, BMW Z4, Ford Mustang, ngakhalenso BMW 3 Series ija imene abale athu okhala ku Britain amaisirira, zonsezi zimafanana chinthu chimodzi. Injini ili kutsogolo, koma mphamvu yake imathera ku matayala akumbuyo. Akutsogolo ntchito yawo ndi kukhota basi. Pa phula louma zimenezi zimakoma, ndipo n'chifukwa chake anthu amazikonda galimotozi. Koma chipale chofewa chikangogwa, mudzaona ka Toyota Yaris kakukwera chitunda mosavutika pamene BMW yamphamvu kuwirikiza katatu ikungobangula pamalo amodzi.

Chifukwa chake sichovuta kumva. Pa Yaris, kulemera kwa injini kumatsamira pa matayala omwe akukoka galimoto, ndiye amagwira pansi. Pa galimoto yanuyo, matayala okankha anyamula buti yopanda kanthu. Onjezani matayala otambalala, mphamvu zambiri pansi pa phazi, ndi mimba yoyandikira pansi. Amene anayendetsapo pikiapu yopanda katundu pa msewu wa katondo mvula ya Januwale itagwa akudziwa mmene kumbuyo kumavinira ukangoponda faya. Kavinidwe kake ndi komweko, kungoti matope umawaona patali, pamene ayezi nthawi zina amaoneka ngati phula lonyowa chabe.

Choyamba, ulendowu ndi wofunikadi?

Ku Britain a zanyengo a Met Office amachenjeza ndi mitundu itatu: yachikasu, ya amber (yonga lalanje), ndi yofiira. Likatuluka chenjezo lofiira, makiyi abwerere pakhoma. Pa 28 Febuluwale 2018 chenjezo lofiira linaperekedwa m'chigawo chapakati cha Scotland, ndipo galimoto mazanamazana zinagona pa msewu wa M80, pakati pa Glasgow ndi Stirling. Za ku South Africa nazo musazione patali: mu Seputembala 2024 chipale chinatseka msewu wa N3 pa Van Reenen's Pass, njira ya ku Durban kuchokera ku Johannesburg, anthu n'kuchezera m'galimoto.

Pali malire ena amene luso silingawasunthe. Mimba ya galimoto zamtunduwu imatalikira pansi ndi masentimita pafupifupi 13 kapena 14. Chipale chikazama kuposa pamenepo, bampala imayamba kuchikankha, kenako mimba imakhala pamwamba pake, matayala n'kupepukidwa. Mukaona kuti msewu wa kwanu sunapalidwe ndipo chipale chikupitirira m'kakolo, kwerani basi kapena muimbireni bwana. Shifiti imodzi siifika mtengo wa bampala.

Chachiwiri, matayala

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo amene walumpha gawo ili zotsalazo sizimuthandiza kwenikweni. Galimoto zaliwiro zimabwera ndi matayala a nyengo yotentha. Labala wake amafewa pakatentha, koma kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 7 amayamba kuuma, ndipo pofika pa 0 amakhala gwa. Tayala lolimba choncho siligwira kanthu. Matayala a nyengo yachisanu ali ndi labala wofewabe ngakhale kuzizire, komanso timizere tating'ono tambirimbiri toluma chipale.

Pogula, yang'anani m'mbali mwa tayala chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka chipale m'kati. Chimenecho chimaperekedwa tayala likayesedwa pa chipale. Zilembo za M+S, zoimira matope ndi chipale, pazokha n'zosadalirika. Ku Germany, kuyambira pa 1 Okutobala 2024, tayala la M+S lopanda chizindikiro cha phiricho silivomerezedwanso pa msewu wa chipale kapena ayezi, ndipo chindapusa chimayambira pa mayuro 60. Ku Sweden lamulo limafuna matayala achisanu kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 31 Malichi msewu ukakhala wachisanu, ndipo ku Quebec ndi pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi. Ku Britain kulibe lamulo lotero, n'chifukwa chake kachipale kakang'ono kamaimitsa tauni yathunthu.

Gulani anayi. Ena pofuna kupulumutsa ndalama amaika awiri kumbuyo kokha, poti ndi amene amakankha. Galimoto idzanyamukadi, koma pofika pakona kutsogolo kudzakana kukhota, ndipo mabuleki, amene ntchito yawo yambiri ili kutsogolo, adzakhala ngati palibe. Kuika awiri kutsogolo kokha n'koipa kuposa pamenepo, chifukwa kumbuyo kumazungulira pakona yoyamba.

Ngati buku la galimoto likulola saizi yocheperako m'lifupi, sankhani imeneyo. Tayala lowonda limaboola chipale n'kupeza pogwira, lotambalala limayandama. Mano a tayala asachepere mamilimita 3 kapena 4, ngakhale kuti lamulo la ku Britain limalola mpaka 1.6. Ndipo poti ife timakonda matayala akaunjika, werengani manambala anayi omaliza pa mzere wa m'mbali mwa tayala woyambira ndi zilembo za DOT: 3521 akutanthauza kuti linapangidwa sabata ya 35 ya chaka cha 2021. Tayala lachisanu lokalamba labala wake wauma kale, ngakhale mano akuoneka bwino.

Amene akukhala kum'mwera kwa England, kumene chipale chimabwera mwa apo ndi apo, angathe kuika matayala a nyengo zonse okhala ndi chizindikiro cha phiri chija. Ku Aberdeen, Toronto kapena Minnesota, gulani achisanu enieni. Pimaninso mpweya m'mawa galimoto isanayende, chifukwa kuzizira kukatsika ndi madigiri 10 mpweya umatsika ndi pafupifupi 0.1 bar. Maganizo akuti kuphwetsa matayala kumathandiza asiyeni, amenewo ndi a pa mchenga.

Chachitatu, konzani galimoto musanalize injini

Ikani matumba awiri a mchenga m'buti, a makilogalamu 20 kapena 25 lililonse. Akankhireni m'kati mpaka akhale pamwamba pa matayala akumbuyo, osati kumapeto kwenikweni pafupi ndi bampala, chifukwa kumeneko amapeputsa kutsogolo ndipo kumbuyo kukayamba kuterereka amakukoka. Amangeni kuti asamayendeyende. Thanki yodzaza nayo imawonjezera kulemera kumbuyo. Porsche 911 siifuna zimenezi, injini yake ili kale kumbuyo.

Chotsani chipale pa galimoto yonse: magalasi onse, magetsi, nambala, boneti ndi denga. Lamulo 229 la Highway Code, buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, limanena zimenezi. Chipale chosiyidwa padenga chimatsetserekera pagalasi lakutsogolo mukangogwira buleki. Osathira madzi otentha pagalasi, limang'aluka. Gwiritsani ntchito chopalira ndi mankhwala osungunula ayezi, ndipo m'botolo la mawaipa mukhale madzi osakaniza ndi mankhwala osaundana. Kusiya injini ikulira inu muli m'nyumba mukumwa tiyi ndi mlandu ngati galimoto ili pamsewu wa anthu onse ku Britain, ndiponso akuba galimoto amayendera m'mawa woterewu.

M'galimoto musasowe fosholo yaing'ono, tochi, bulangete, magolovesi, madzi akumwa, kachakudya, ndi chaja ya foni. Nsapato zoyendetsera zikhale zouma pansi. Chipale chomata ku jombo chimatereretsa phazi pa buleki.

Chachinayi, kunyamuka

Wongolani matayala akutsogolo. Lowetsani giya 2, osati 1, kenako tulutsani kilachi pang'onopang'ono, faya musaiponde kapena muingoikhudza. Giya 2 imachepetsa mphamvu yofika ku matayala. Galimoto ya otomatiki, fufuzani batani la Snow kapena Winter. Toyota GT86 ya otomatiki ili nalo, Mustang yatsopano ili ndi modi ya msewu woterera, ndipo pa BMW modi ya Eco Pro imafewetsa faya. Modi ya Sport iwaleni mpaka Epulo.

Mukamva matayala akuzungulira pachabe, bwezani phazi. Mtima umati onjezera moto, koma tayala lozungulira pamalo amodzi limapukuta chipale mpaka chisanduke ayezi, ndiye mwadzikumbira nokha. Galimoto zambiri zaliwiro zili ndi difu yomanga matayala onse awiri akumbuyo kuti azikankha limodzi. Imathandiza ponyamuka, koma mukapitirira muyeso onse awiri amaterereka nthawi imodzi ndipo kumbuyo kumasunthira cham'mbali, kawirikawiri kulowera kumene msewu wapendekera, kumene anthu aimika galimoto zawo.

Kompyuta yoletsa kuterereka isiyeni yoyaka. BMW ndi Mazda amaitcha DSC, Toyota VSC, Mercedes ESP. Imagwira buleki ya tayala limodzilimodzi msanga kuposa phazi la munthu aliyense, ndipo ku Ulaya galimoto zatsopano zonse zakhala zikukakamizidwa kukhala nayo kuyambira mu Novembala 2014. Nthawi yokha yoikhudza ndi pamene mwatitimira, ndipo tifikako. Cruise control, imene imasunga liwiro yokha phazi lisali pa faya, ikhale yozima.

Mukangolowa mumsewu, pamalo owongoka popanda wina kumbuyo, pondani buleki pa liwiro la munthu wothamanga kuti mumve mmene pansi pakugwirira lero. Dzulo silikuuzani za lero.

Chachisanu, muli pa msewu

Tayala lili ndi kagwiridwe kochepa, ndipo kagwiridweko kamagawidwa pa ntchito zitatu: kukankha, kuima ndi kukhota. Pa phula louma mungathe kuchita ziwiri nthawi imodzi osamva kanthu. Pa chipale chitani imodzi, imalizeni, kenako yambani ina. Gwirani buleki msewu ukadali wowongoka, isiyeni, khotani ndi liwiro losasintha, ndipo faya muiyambenso chiwongolero chikawongoka. Ngozi zambiri za galimoto zokankha kumbuyo zimachitika potuluka pakona kapena pa raundabauti, pamene woyendetsa waona njira yatseguka n'kuponda chiwongolero chikadali chokhota.

Yendani pa giya yokwererapo kuposa ya masiku onse, injini ikulira motsika. Siyani mpata waukulu: Highway Code imati mtunda woimira ungathe kuwirikiza kakhumi pa ayezi. Masekondi 2 a pa msewu wouma asanduka 20. Wina akakukakamirani kumbuyo, mupatseni njira pamalo abwino adutse.

Mabuleki agwireni msanga ndi mofatsa. Zikavuta mwadzidzidzi, pondani mwamphamvu ndipo musachotse phazi ngakhale pedulo ikunjenjemera ndi kulira, ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kumangika pogwira buleki, ikugwira ntchito yake, ndipo imakulolani kukhota uku mukuima. Kupopa mabuleki ndi kwa galimoto zakale zopanda ABS, monga MX-5 zina zoyambirira.

Pali msampha wina umene oyendetsa galimoto zokoka kutsogolo saudziwa. Tinaphunzitsidwa kuti pochepetsa liwiro tizitsitsa magiya. Pa galimoto yanu, kugwira kwa injini kumapita ku matayala akumbuyo okha. Mukachoka giya 4 kupita 2 n'kutaya kilachi msanga, zili ngati mwakoka handibuleki, ndipo kumbuyo kumatuluka pomwepo. Yambani mwachepetsa liwiro ndi buleki, tsitsani giya imodzi, ndipo kilachi ituluke mofatsa. Kuchotsa phazi pa faya mwadzidzidzi pakati pa kona kumachitanso chimodzimodzi, chifukwa kulemera kumathamangira kutsogolo.

Ayezi wosaoneka amakonda pa milatho, pansi pa mitengo, m'zigwa, ndi paliponse pamene dzuwa silifika. Mlatho umazizira pamwamba ndi pansi, ndiye umaundana msewu wonse usanaundane. Galimoto zambiri zimaliza belu kunja kukafika madigiri 3 kapena 4, limvereni. Zizindikiro zina ndi ziwiri: chiwongolero chimapepuka m'manja, ndipo phokoso la matayala limazimirira. Mukamva bata limenelo musachite kanthu mwadzidzidzi, ingopeputsani phazi pang'onopang'ono galimoto ili yowongoka. Sankhani misewu ikuluikulu imene magalimoto a khonsolo amathiramo mchere ngakhale ikhale yozungulira. Njira zachidule za m'mapiri monga Snake Pass, pakati pa Sheffield ndi Manchester, ndizo zimayamba kutsekedwa.

Chachisanu ndi chimodzi, zitunda ndi mitsetse

Chitunda chimafuna liwiro lotengera pansi. Imani patali, dikirani amene ali patsogolo afike pamwamba, kenako nyamukani ndi liwiro lokwanira, giya imodzi mpaka pamwamba, phazi losasuntha. Mukaima pakati, mwina simunyamukanso. Potsika, chepetsani liwiro musanayambe mtsetse, lowetsani giya yotsika mukadali pamwamba, ndipo buleki muziikhudza mopepuka. Mtsetse wothera pa mphambano kapena pa maloboti, ngati pali njira ina, izungulireni.

Chachisanu ndi chiwiri, ikaterereka

Kuterereka kulipo kuwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Kutsogolo kukakana, mumakhota koma galimoto imangopita molunjika. Manja amafuna kuwonjezera kukhota, koma zimenezo zimangoipitsa. Chotsani phazi pa faya mofatsa, bwezani chiwongolero pang'ono kuti matayala apezenso pogwira, ndipo akagwira khotaninso.

Kumbuyo kukatuluka ndiye nthenda yeniyeni ya galimoto zathuzi. Tinene kuti mukukhotera kumanzere, kumbuyo n'kuyamba kuthawira kumanja, mphuno ikuloza m'kati mwa kona. Maso anu apite kumene mukufuna kupita, osati pa mtengo umene mukuuopa, chifukwa manja amatsatira maso. Tembenuzani chiwongolero kumanja, mbali imene kumbuyo kwathawira, mwachangu koma mosapitirira. Peputsani faya osaitaya mwadzidzidzi. Pa galimoto ya magiya apamanja, kuponda kilachi kumamasula matayala akumbuyo ku injini kuti azingogubuduka, ndipo nthawi zambiri amagwiranso. Buleki musaiponde.

Kenako pamabwera mbali imene imagwetsa anthu ambiri. Kumbuyo kumaima kaye kamphindi, kenako kumabwerera. Pa kamphindi kameneko yambani kuwongola chiwongolero. Mukachedwa, matayala akumbuyo amagwira pamene akutsogolo akuloza kumanja, ndipo galimoto imakwapulira mbali inayo mwamphamvu kuposa poyamba. Anthu ambiri amapulumuka kuterereka koyamba n'kugwa m'ngalande pa kwachiwiri.

Ngati yazungulira kale ndipo palibe chobweza, pondani buleki ndi kilachi zonse mpaka pansi, muzigwire choncho mpaka galimoto itaima. Mukatero imatsetsereka molunjika m'malo mothamangira kumene matayala aloza.

Zimenezi kuwerenga kokha sizilowa m'manja. Malo abwino ophunzirira ndi bwalo loterera la sukulu yoyendetsa galimoto. Ku Sweden munthu salandira laisensi asanadutse pa bwalo loterolo, ndipo ku Britain mabwalo amenewa alipo olipira. Malo oimika galimoto opanda anthu angathandize kuyesa kunyamuka ndi kuima pa liwiro lochepa, mwini malo atalola, koma samalani ndi mapolo a magetsi ndi timakoma tobisika pansi pa chipale. Apolisi akakupezani mukuzungulira mwamasewera sadzamva zoti mumaphunzira.

Mukatitimira

Tsikani muone chimene chagwira. Fosholani kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala onse anayi, ndi pansi pa mimba. Ng'ambani thumba limodzi la mchenga uja, thirani patsogolo pa matayala akumbuyo, kapena yalanipo mamati a m'galimoto. Wongolani chiwongolero. Apa ndi pomwe kompyuta ija ingakulepheretseni, chifukwa imadula mphamvu tayala likangoterereka pang'ono. Pa BMW dinani batani kamodzi kuti mulowe mu DTC, imene imalola matayala kuzungulira pang'ono. Pa galimoto zina zimitsani traction control yokha, gawo loletsa matayala kuzungulira pachabe. Yendani pang'ono kutsogolo, bwererani, kutsogolonso, ulendo uliwonse ukutalikirako, mpaka mutatuluka. Mukangotuluka yatsaninso kompyutayo. Okukankhani asaime kumbuyo kwenikweni kwa matayala, mati amatha kuuluka.

Matcheni, kapena nsalu zovekera matayala monga za AutoSock, zimapita ku matayala akumbuyo. Zikumveka zodziwikiratu, koma chaka chilichonse pamaoneka BMW yovekedwa kutsogolo. Onani kaye buku la galimoto, chifukwa pa marimu aakulu mpata umachepa ndipo tcheni lingadule paipi ya mabuleki. Nsalu zimalowa pamene tcheni silingalowe. Musapitirire makilomita 50 pa ola, amene ndi mamailosi pafupifupi 30, ndipo muzivule mukafika pa phula. Yeserani kuveka pakhomo masana, osati koyamba usiku m'mbali mwa msewu zala zitauma.

Zikakanika, khalani m'galimoto, yatsani mahazadi ndipo imbani foni. Lizani injini mphindi zochepa pa ola kuti mufunde, koma nthawi iliyonse yambani mwaona kuti ekizozi siinatsekeke ndi chipale. Pa galimoto yotsika ekizozi imakwiririka msanga, ndipo utsi wa carbon monoxide ulibe fungo, umangogonetsa munthu. Tsegulani windo pang'ono.

Pofika

Imikani pamalo athyathyathya, mphuno italoza kumene mudzatulukire mawa. Ngati pakhomo panu ndi potsetsereka, ndi bwino kuisiya m'munsi n'kuyenda wapansi. Pamalo athyathyathya kukazizira kwambiri, isiyeni mu giya kapena pa P m'malo mokoka handibuleki, chifukwa imatha kuundana itagwira. Dzutsani mawaipa asamatirire pagalasi. Denga lansalu musalitsegule kapena kulipala ndi chopalira likadali loundana, sesani chipale ndi bulashi yofewa. Nyengo ikafunda pang'ono, pitani nayo kotsukira muithire madzi kunsi ndi m'makhwapa mwa matayala, chifukwa mchere wa pamsewu umadya chitsulo, ndipo pa MX-5 dzimbiri limayambira m'munsi mwa zitseko, kutsogolo kwa matayala akumbuyo.